Galu wanu adalandira katemera uti?

Galu akafa pakhomo, mlandu wake suchedwa kugamulidwa. Akafa akuphupha, timati oyandikana nawo nyumba amuthirira tameki, kaya chifukwa adawadyera anapiye, kaya ndi akuba amene akulambula njira. Akamatuluka dovu, timati ndi chiwewe, ndipo galu wotere kawirikawiri safa yekha, anyamata amamutsiriza ndi miyala. Ana agalu anayi akafa motsatizana m'mwezi umodzi, zala zimayamba kuloza gogo wina wa kuseri kwa mudzi. Alipo mabanja amene lero samwerana madzi chifukwa cha galu amene sadaphedwe ndi munthu aliyense.

Tameki alipo ndithu, chiwewe chiliponso ndipo tichikamba. Koma sabata ino ndikufuna tione matenda ena amene amatha agalu mwakachetechete, makamaka ana agalu, eni ake osadziwa n'komwe chimene chalowa pakhomo. Madokotala a ziweto amawatchula kuti distemper. M'nkhani ino ndiziwatchula chikuku cha agalu, ndipo dzinali lili ndi chifukwa chake: kachilombo koyambitsa matendawa n'kapachibale ndi kamene kamayambitsa chikuku mwa ana athu. Mbale wawo wina ndi kachilombo ka mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, umene udapulula makola mu Africa muno m'zaka za m'ma 1890, koma mu 2011 udalengezedwa kuti watheratu padziko lonse. Chidaugonjetsa ndi katemera.

Mfundo yanga ndi imodzi, abale anga. Chikuku cha agalu chilibe mankhwala ochiza. Galu amapulumuka ndi zinthu ziwiri: katemera amene adalandira asanadwale, kapena, ngati wadwala kale, chisamaliro chimene chimamugwiriziza mpaka thupi lake litagonjetsa lokha kachilomboko. Ziwiri zonsezi zili m'manja mwa mwini galu.

Vuto limayambira pa mawu amene ndimawamva kawirikawiri ndikafunsa munthu amene galu wake wadwala: "Komatu ndidamubayitsa." Ndikafunsa kuti adamubaya katemera uti, yankho limakhala lakuti, "Uja amabaya ulere pasukulu uja." Katemera ameneyo ndi wa chiwewe. Ndi wofunika zedi, ndipo ntchito imene boma ndi mabungwe agwira yotemera agalu yapulumutsa miyoyo ya ana ambiri. Mumzinda wa Blantyre, bungwe la Mission Rabies lidayamba kampeni yotere mu 2015, ndipo chaka choyambacho agalu oposa 35,000 adalandira katemera pa masiku 20 okha. Komabe katemera wa chiwewe amateteza ku chiwewe chokha. Palibe mayi amene amasiya kupita kusikelo mwana atalandira katemera wa poliyo, poganiza kuti watetezedwanso ku chikuku ndi kafumbata. Kwa galu n'chimodzimodzi.

Katemera wa chiwewe amabwera ulere chifukwa chiwewe chimapha anthu. Chikuku cha agalu sichigwira munthu, sichigwira nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe, ngakhale mphaka wapakhomo sadwala nacho. N'chifukwa chake katemera wake muyenera kumufuna nokha ndi kulipira nokha. Amabwera wosakaniza mu jakisoni mmodzi ndi akatemera a matenda ena a agalu, ndipo ambiri amamudziwa ndi dzina lakuti 5-in-1. Mukapita kwa dokotala wa ziweto, tchulani dzina limeneli.

Katemerayu si wachilendo. Dokotala wa ziweto wa ku France, Henri Carré, ndiye adaonetsa mu 1905 kuti matendawa amayamba ndi kachilombo ka mtundu wa vayirasi. M'zaka za m'ma 1920, Patrick Laidlaw ndi George Dunkin a ku England adatsimikizira zimenezi n'kukonza katemera. Ndipo mtundu wina wa kachilombo kofooketsedwa kamene makampani ambiri akhala akupangira katemerayu umatchedwa Onderstepoort, dzina la malo ofufuzira matenda a ziweto pafupi ndi Pretoria ku South Africa, kumene udakonzedwa m'zaka za m'ma 1950. M'maiko amene agalu ambiri amalandira katemerayu, matendawa amaoneka mwa apo ndi apo. Kumene agalu ambiri sanalandire, amabwera ngati mliri n'kusesa ana agalu a dera lonse.

Kachilomboka kamayenda ndi mpweya. Galu wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula, mnzake amene wapuma mpweya umenewo watenga. Kamapezekanso m'mamina, m'malovu, m'manthongo, mumkodzo ndi m'chimbudzi. Ndiye taganizani mmene agalu athu amakhalira. Usiku amakumana kudzala, amanunkhizana, amamwera chithaphwi chimodzi. Galu wamkazi akakhala pa nyengo yofuna amuna, agalu a midzi itatu amadzaunjikana pakhomo limodzi. Wamumpanda nayenso asadzitame, chifukwa amapatsana moni ndi anzake pansi pa geti. Mwayi wake ndi wakuti kunja kwa thupi la galu kachilomboka n'kofooka. Dzuwa lathu lino limakapha pa maola ochepa, sopo ndi Jik zimakaphanso.

Amene amavutika kwambiri ndi ana agalu a miyezi itatu mpaka 6. Kagalu kakabadwa kamayamwa chitetezo mumkaka woyamba wa make, ngati makeyo adalandira katemera kapena adadwalapo n'kuchira. Chitetezo chobwerekachi chimanka chichepa sabata ndi sabata mpaka kutheratu. Nthawi imeneyo imapeza kagaluko titakachotsa kale kwa make, takapereka kwa achibale kapena takagulitsa, kali pakhomo lachilendo pakati pa agalu achilendo. Timene timagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni ndiye tili pangozi yaikulu, chifukwa timasonkhanitsidwa kuchokera m'makomo osiyanasiyana n'kugona m'katoni imodzi. Kamodzi kakakhala ndi matenda, tonse tatenga, ndipo wogula amanyamula kagalu kooneka kathanzi kamene kadzayamba kudwala patatha sabata.

Chitetezo chobwereka chija chimafotokozanso chifukwa chake katemerayu sabaya kamodzi. Chikadali m'thupi, chimalepheretsa katemera kugwira ntchito, ndipo chimatha pa nthawi zosiyana mwa kagalu kalikonse. Amayi amazidziwa kale izi: mwana salandira katemera wa chikuku tsiku lobadwa, amadikira miyezi 9, n'kudzabwerezanso pa miyezi 15. Kwa galu, jakisoni woyamba ndi wa pa masabata 6 mpaka 8, kenako kubwereza pakatha masabata atatu kapena anayi alionse mpaka atakwana masabata 16. Wina amabwera galuyo akamakwanitsa chaka. Kuchoka apo, bungwe la padziko lonse la madokotala a agalu ndi amphaka la WSAVA limati zaka zitatu zilizonse n'zokwanira. Galu wamkulu amene sadalandirepo angathe kuyamba lero lomwe.

Chenjezo limodzi pa katemerayu: sagwirizana ndi kutentha. Amasungidwa mufiriji, amayenda m'kabokosi ka madzi oundana, ndipo akasungunulidwa amayenera kubayidwa nthawi yomweyo. Wina akabwera pakhomo panu atatulutsa kabotolo m'thumba la malaya, atayenda nako tsiku lonse padzuwa, dziwani kuti mukugula madzi. Wobaya weniweni amalemba tsiku pakhadi la galuyo n'kumatapo kapepala kochokera pabotolo. Komanso katemera sachiza galu amene wadwala kale. Ntchito yake ndi kutseka chitseko mbala isanalowe.

Tsopano tione mmene matendawa amayendera, kuti muziwazindikira. Patatha masiku atatu mpaka 6 chitengereni kachilombo, galu amatentha thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenako n'kuoneka bwinobwino. Ambiri sitizindikira n'komwe. Patapita masiku angapo kutenthako kumabweranso, ulendo uno ndi katundu. Maso amayamba kulengeza misozi, kenako manthongo achikasu kapena obiriwira amene amamata zikope. Mphuno imatuluka mamina olimba ngati mafinya. Galu amatsokomola, amangogona, nsima amangoinunkhiza n'kuisiya. Kenako kusanza ndi kutsekula m'mimba. Monga chikuku chimachitira mwa mwana, kachilomboka kamagwetsa chitetezo cha m'thupi, ndiye tizilombo tina timapezerapo mpata n'kuyambitsa chibayo.

Agalu ena amathera pomwepa, ena amachira. Koma lilipo gulu lina limene limaoneka ngati lachira, mtima wa mwini wake n'kukhala pansi, ndiye pakatha sabata imodzi mpaka zitatu, nthawi zina miyezi, matendawo amadzatulukira muubongo. Mwendo umodzi kapena minofu ya kumaso imayamba kudumphadumpha yokha, ngakhale galuyo ali m'tulo. Nsagwada zimatafuna popanda chakudya, thovu likutuluka. Galu amapendeketsa mutu, amayenda mozungulira, amadzandira ngati waledzera, amagwa ngati wa khunyu, ndipo miyendo yakumbuyo imatha kufa. Mwa agalu ena khungu la pamphuno ndi la kuphazi limakhuthala n'kuuma gwa mpaka kung'ambika, mwakuti akamayenda pasimenti mumamva phokoso. Kagalu kamene kadwala mano ake achikulire asanamere kamadzakhala ndi mano a mathothomathotho ofiirira moyo wake wonse. Mabuku a madokotala a ziweto amati mwa agalu aakulu amene adwala kwambiri pafupifupi theka amafa, ndipo mwa ana agalu chiwerengerocho chimakwera kuposa apo.

Mukadziwa ulendo umenewu, kusiyanitsa ndi poizoni sikuvuta. Galu amene wadya tameki amakhala bwinobwino madzulo, pofika usiku wagwa. Zonse zimachitika pa mphindi kapena maola ochepa. Chikuku cha agalu chimayenda masabata. Ngati galu wanu adayamba ndi manthongo ndi chifuwa masiku khumi apitawo, asiyeni aneba anu, alibe mlandu. Aliponso matenda ena a ana agalu otchedwa parvo, amene amabwera ndi kusanza ndi kutsekula m'mimba kwa magazi onunkha koopsa, popanda chifuwa. Kachilombo kake n'kouma mutu, kamakhala m'dothi miyezi yambiri. Katemera uja wa 5-in-1 amatetezanso ku matenda amenewa.

Povuta ndi pa chiwewe, ndipo apa ndikupempha muwerenge mofatsa. Galu wa chikuku chimene chafika muubongo ndi galu wachiwewe amatha kuoneka chimodzimodzi: dovu, kudzandira, kufa miyendo, kusintha khalidwe. N'zoona kuti wa chikuku amakhala atadwala kaye maso, mphuno ndi chifuwa, pomwe wachiwewe amangosintha mwadzidzidzi, amaluma chilichonse, mawu ake amasasa, nsagwada imalendewera, ndipo amafa pasanathe masiku khumi. Koma maso okha sangagamule mlanduwu, ngakhale maso a dokotala. Chiwewe chimatsimikizidwa poyeza ubongo wa galuyo kulabotale. Chotero lamulo ndi ili: galu aliyense amene akuonetsa zizindikiro za muubongo, ndipo mulibe khadi losonyeza kuti adalandira katemera wa chiwewe, mumutenge ngati wachiwewe. Mutsekereni, ana asayandikire, musapise dzanja m'kamwa mwake pofuna fupa limene mukuganiza kuti lamutsamwitsa, ndipo itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo.

Akaluma munthu, ngakhale kungomukanda kapena kunyambita pabala, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala. Musadikire kuti muone ngati chinali chikuku. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichibwerera, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Galu woluma uja musamuphe n'kumutaya kudambo; a zaziweto amafuna amuone kwa masiku khumi kapena ayeze mutu wake. Apa ndi pamene akatemera awiriwa amathandizana. Galu amene ali ndi khadi la chiwewe akadwala chikuku, mwini wake amamusamala mtima uli m'malo. Amene alibe khadi amasanduka choopsa pakhomo pomwe wakhala akulondera.

Tiyerekeze tsono kuti galu wanu ali ndi khadi la chiwewe, wayamba manthongo, mamina ndi chifuwa. Choyamba, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, kapena muitaneni, matenda akadali koyambirira. Paboma lililonse pali ofesi ya zaziweto, m'madera muli alangizi, ku Lilongwe kuli bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli BSPCA, ndipo masiku ano sukulu ya LUANAR ku Bunda ikuphunzitsa madokotala a ziweto konkuno. Musanalowe naye pakati pa agalu ena, auzeni achipatalawo chimene mukuganizira. Dokotala alibe jakisoni wopha kachilomboka, koma ali ndi mankhwala olimbana ndi chibayo, oletsa kusanza, ochepetsa kukomoka, komanso diripi ya galu amene watha madzi m'thupi. Zimenezi ndi zimene zimamupatsa galu masiku oti thupi lake limenye nkhondo.

Ntchito yotsala ndi yapakhomo, ndipo ndiyo yaikulu. Mupatuleni kwa agalu anzake, akhale ndi mbale yake ndi chomwera chake. Mupezereni malo ouma, opanda mphepo, a mthunzi masana, n'kumuyalira chiguduli kapena bulangete lakale kuti asagone pansi pozizira, makamaka m'miyezi ya June ndi July. Mukamadyetsa, yambani ndi agalu athanzi, wodwala pomaliza, kenako sambani m'manja ndi sopo. Pamene wasanza kapena kuchita chimbudzi tsukanipo ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi. Agalu ena onse apakhomo amene sadalandire katemera ndipo akadali athanzi, akabayitseni msanga, ndipo auzeni aneba kuti nawo atero.

Maso ndi mphuno zimafuna kupukutidwa kangapo patsiku. Wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda, nyowetsani kansalu koyera, n'kufewetsa manthongo ndi mamina ouma aja pang'onopang'ono osakanganula. Izi zingaoneke zazing'ono, koma galu amadya ndi mphuno. Mphuno ikatsekeka samva fungo, ndipo chakudya chimene sakuchimva fungo sachikhudza. Pamphuno ndi kumapazi pamene pauma n'kung'ambika pakanipo Vaseline pang'ono.

Madzi ndi ofunika kuposa chakudya. Galu amene akusanza ndi kutsekula m'mimba amafa ndi kutha madzi m'thupi, monga amachitira mwana. Muzimupatsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, chifukwa akamwa ambiri nthawi imodzi amasanza. Thanzi ORS yemwe timasungunulira ana uja amathandizanso. Ngati sakumwa yekha koma akutha kumeza, gwiritsani ntchito sirinji yopanda singano, kudonthezera m'mbali mwa kamwa, mutu wake uli mowongoka. Wokomoka kapena wolephera kumeza musamuthire kanthu m'kamwa, madziwo amapita kumapapo. Kuti mudziwe ngati watha madzi, tsinani khungu la pamsana pakhosi n'kulisiya. Likabwerera msanga zili bwino. Likatsala chiimire, galuyo akufunika diripi.

Pa chakudya, ino si nthawi ya mkute wozizira ndi makoko a m'poto. Muphikireni phala lofewa, muswerepo dzira n'kuliphika limodzi, kapena muthiremo usipa wosinja, kapena msuzi wa nkhuku wopanda anyezi, poti anyezi amawononga magazi a galu. Chikhale chofunda kuti fungo limveke, ndipo chikhale chochepa kanayi kapena kasanu patsiku. Galu wodwala nthawi zambiri amakana cha m'mbale koma n'kulandira cha m'dzanja la munthu amene amamudziwa. Amene akulephera kudzuka muzimutembenuza pakatha maola angapo kuti asachite zilonda, ndi kumusinthira choyala chikanyowa. Akayamba kuphupha musamugwire ndipo musayandikitse dzanja kukamwa. Chotsani zinthu zimene angadzipweteke nazo, pakhale bata ndi kamdima, zikatha mudziwitse dokotala.

Zimene simuyenera kumupatsa nazonso ndizitchule. Mankhwala athu a m'nyumba si a galu. Brufen amatha kuboola chifu cha galu ndi kuwononga impso zake, Panado wopyola muyeso amawononga chiwindi. Makapisozi ogula pagolosale, osadziwa mlingo wake, sachiza kanthu. Ndamvapo ena akuti adamwetsa galu kachasu kuti matenda atuluke, ena palafini. Galu amene wachira atamwa zoterezi wachira ngakhale adamwetsedwa poizoni, osati chifukwa cha poizoniyo.

Galu akapulumuka, musafulumire kumumasula. Amatha kupitiriza kufalitsa kachilomboka kwa masabata angapo, mwinanso mpaka miyezi itatu, iye akuoneka wathanzi. Mbali yabwino ndi yakuti amene wachira kawirikawiri sadwalanso matendawa. Ena amatsala ndi kamwendo kodumphadumpha moyo wawo wonse, koma amadya, amauwa, amalondera ngati kale. Chilema chimenecho si chifukwa chomutayira. Ngati galu wafa, mukwirireni mozama, tsukani khola ndi mbale, muziyanike padzuwa, ndipo dikirani mwezi musanabweretse kagalu kena. Ngati anali parvo, kudikirako n'kwa miyezi yambiri. Kobwerako kakhale kolandira katemera, ndipo galu aliyense wachilendo azikhala payekha masabata awiri asanasakanikirane ndi anzake.

Pali nthawi imene chisamaliro chimafika pamapeto. Galu akamakomoka mobwerezabwereza, miyendo yafa, sakudya, sakukuzindikiraninso, kumusunga ndi kumuzunza. Dokotala ali ndi jakisoni amene amamugoneka osamva ululu, osadzukanso. Chisankho chimenechi n'chowawa, makamaka pakhomo pamene pali ana amene adakula naye, koma n'chaulemu kuposa kumumangirira kumtengo kutchire, kumuponya mumtsinje kapena kumusiyira anyamata a miyala. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa kuchitira nkhanza nyama. Komanso ana amene akuonerera amaphunzirapo mmene timachitira ndi wantchito amene mphamvu zamuthera.

Wina anganene kuti zonsezi n'zambiri pa galu chabe, pomwe anthu akusowa mankhwala m'zipatala. Ndikumva. Koma galu wapakhomo pathu pano si wa chionetsero. Ndi mlonda amene salandira malipiro pakutha pa mwezi, amene amateteza mbuzi kwa fisi, chimanga kwa anyani, njinga kwa akuba. Khomo limene agalu ake afa m'mwezi umodzi limadziwika msanga kwa oyenda usiku. Ndipo amene adagula German Shepherd kapena Boerboel ndi ndalama zambiri, n'kuumira pa katemera, wataya zonse. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wofuna kugona tulo chifukwa panja pali galu avomerenso kuti galuyo ali ndi khadi lake la kusikelo.

Nkhaniyi siithera pakhomo pokha. Kachilomboka kamagwiranso nyama zakutchire zodya nyama. M'chaka cha 1994, mikango ya m'nkhalango ya Serengeti ku Tanzania idayamba kugwa ngati ya khunyu. Mliriwo utadutsa, mikango pafupifupi 1,000 inali itafa, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya kumeneko, ndipo afisi nawo adafa. Ofufuza adapeza kuti chinali chikuku cha agalu, ndipo umboni udaloza agalu a m'midzi yozungulira nkhalangoyo. Kuchokera pamenepo kudayamba ntchito yotemera agalu a m'midzi imeneyo, katemera wa chiwewe ndi wa chikuku yemwe. Ife kuno tidabwezeretsa mikango ku Majete mu 2012 ndi ku Liwonde mu 2018, ndipo mu 2021 kudabweranso mimbulu. Nyama zimenezi zimakopa alendo amene amabweretsa ndalama ndi ntchito. Midzi yozungulira nkhalangozi ili ndi agalu, ena a alenje, ndipo kachilombo koyenda ndi mpweya sikaopa waya wamagetsi. Wa ku Chikwawa kapena ku Machinga akabayitsa galu wake, watetezanso chuma cha dziko.

Ndili ndi mapempho atatu. Kwa amene amayendetsa kampeni ya chiwewe: pobaya galu, muziwauza eni ake mawu amodzi okha, kuti katemerayu ndi wa chiwewe chokha ndipo aliponso wina. Mzere wa anthu ogwira agalu pabwalo la sukulu ndi kalasi yaikulu imene sitiyenera kuitaya. Kwa oweta agalu ogulitsa: kagalu kazichoka pakhomo panu katalandira jakisoni woyamba, khadi lili m'manja, ndipo ogula tisalandire kopanda khadi. Kwa ife a m'midzi ndi m'makwalala a m'tauni: mutu umodzi susenza denga. Mtengo woitanira mlangizi kapena dokotala umapepuka makomo khumi akagwirizana tsiku limodzi, ndipo agalu a dera lonse akatetezedwa kachilomboka kamasowa podumphira. Mafumu ndi mabuloko lida angathe kutsogolera zimenezi monga amachitira pa nkhani ya chitopa cha nkhuku.

Mukamaliza kuwerenga nyuzipepala ino, kafufuzeni khadi la galu wanu. Ngati palembedwa za chiwewe zokha, mwagwira theka la ntchito, ndipo ndikukuthokozani chifukwa cha theka limenelo. Lotsalalo kafunseni kwa a zaziweto sabata ino, galuyo akadali kugwedeza mchira. Ngati khadilo palibiretu, yambani ndi chiwewe, chifukwa pamenepo pali moyo wa ana anu.

Tikumanenso sabata yamawa.